Galu akafa mwadzidzidzi, tiyambe tayang'ana maluwa athu

Kuno ku Mzuzu galu akafa mwadzidzidzi, mlandu suchedwa kupeza mwini wake. Ngati si akuba amene amuponyera nyama yothira tameki kuti adzalowe bwino usiku, ndiye kuti ndi aneba amene atopa ndi kuuwa kwake. Akakhala kuti amachucha dovu asanafe, timangoti chinali chiwewe, n'kumukwirira msangamsanga kuseri kwa nyumba. Zonsezi zimachitikadi, ndipo sindikutsutsa aliyense amene galu wake anapita mwa njira imeneyi. Koma pali china chimene sitichiganizira n'komwe, pomwe chili pakhonde pathu pomwepa, m'mbali mwa mpanda, ngakhalenso pabalaza pafupi ndi mpando umene timakhalapo madzulo. Ndikunena maluwa.

Mzinda uno umakondera zomera. Mvula imakakamira mpaka mu Epulo ngakhale Meyi, kenako kumabwera mawawa ndi nkhungu za nyengo yozizira, moti kanthambi kamene munangokazika pansi mosaikirapo mtima mumadzakapeza katagwira. Zimene anzathu a ku Lilongwe amavutika nazo kuthirira m'mawa ndi madzulo, kuno zimakula zokha. N'chifukwa chake kuyambira ku Katoto ndi ku Chimaliro mpaka ku Luwinga, Chibavi ndi Mchengautuwa, nyumba yopanda duwa ndi yosowa. Wina amagula mbande za m'machubu kwa anyamata a m'mphepete mwa msewu, wina amapempha kanthambi kwa mnzake wa kutchalitchi, wina amazula kamphukira kuntchito n'kukabisa m'chikwama. Kagulidwe kathu n'kongoloza chala: “Ndipatseni awo a masamba amawangamawangawo, ndi awiri ofiirawo.” Dzina sitifunsa, ndipo nthawi zambiri wogulitsayo nayenso salidziwa.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Sikuti ndife anthu osadziwa zomera zoopsa. Aliyense wokulira kumudzi amadziwa chimene utomoni wa nkhadze umachita ukalowa m'maso, ndipo palibe mayi amene angayang'anire mwana akutafuna nsatsi. Ngakhale mzinda wathuwu unakulira pa mtengo wa poizoni: chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 kuno kunatsegulidwa esiteti ya mitengo ya tung, yomwe mafuta ake amapangira penti ndi vanishi, koma njere zake sizidyedwa ndi munthu kapena chiweto. Zomera zakwathu timazilandira kwa makolo pamodzi ndi chenjezo lake. Maluwa ambiri a m'miphikawa anachokera kutali, ena ku South America, ena ku Asia, ena kumayiko ozungulira nyanja ya Mediterranean, ndipo chenjezo lake linatsalira komweko.

Nayenso galu wa m'tauni moyo wake si wofanana ndi wa kumudzi. Wakumudzi amayenda, amatsata ana kudambo, amasankha udzu umene akufuna kudya m'mimba mukamuvuta. Wa m'tauni tamutsekera mumpanda wa njerwa, pabwalo pothira simenti, mwina pa tcheni tsiku lonse, ndipo chobiriwira chokhacho chimene angachifikire ndi chomwe tabzala ife. Kagalu kakamachotsa mano aubwana, pakati pa miyezi 3 ndi 6 kapena 7, nkhama zimakayabwa ndipo kamatafuna chilichonse: silipasi, chingwe cha tchaja, mwendo wa mpando, tsinde la duwa. Galu wamkulu wosungulumwa, kapena wodya kamodzi patsiku kansima kotsala, amachitanso chimodzimodzi. Ambiri timakhulupirira kuti nyama imadziwa yokha chomwe chingaiphe. Kagalu ka miyezi inayi sikadziwa kanthu.

Ndinazionera pafupi kwa aneba athu, mayi wina wokonda maluwa kwambiri, amene khonde lawo ladzaza miphika mpaka pamasitepe. Tsiku lina chakumasana ndinamva ana akukuwa, kenako mayiwo akundiitana pampanda: “Aneba, tabwerani mudzaone zachitika kunozi!” Kagalu kawo kanali pakona, dovu lili chuchuchu mpaka pachifuwa, kakupukusa mutu ndi kudzikanda pakamwa ndi miyendo yakutsogolo, kakulira kamawu kosasa. Bambo amene amawasamalira pabwalo anali ataima chapatali ndi mpini m'manja.

“Mayi, chotsani ana apa. Ichi n'chiwewe, tisachedwe nacho.”

Sindingawanene bambowo, chifukwa chiwewe chapha anthu ambiri m'dziko muno ndipo mantha awo anali ndi pogwira. Ndinafunsa mayiwo ngati kagaluko kanabayitsidwa katemera. Anati eya, khadi lilipo, ndipo m'mawa womwewo kanadya bwinobwino n'kumasewera ndi ana. Tinakatsekera m'khola kuti kasakhudzane ndi munthu, n'kuyamba kuzungulira pakhonde. Kuseri kwa mpando kunali mphika wogubuduzika. Chomera cha masamba aakulu obiriwira, a mawanga oyera pakati, tsinde lake lonenepa ngati la nzimbe linali lotafunidwa pakati, madzi ake akadali onyowa pansi. Chimenechi ndi dieffenbachia, ena amati dumb cane, ndipo chimapezeka m'nyumba, m'mabanki, m'maofesi ndi m'malo ogona alendo ambiri mumzinda muno.

M'masamba ndi m'tsinde la chomerachi muli tisingano ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, ta mchere wotchedwa calcium oxalate. Galu akangoluma, tisinganoto timafwamphuka n'kubaya lilime, nkhama ndi kukhosi. Amene anadyapo koko wosapsa bwino akudziwa kuyabwa kwake kukhosi, ndipo n'zosadabwitsa, chifukwa koko ndi dieffenbachia ndi a banja limodzi. M'banja lomweli mulinso money plant yoyanga ija timaiika m'botolo la madzi pawindo, philodendron, monstera ya masamba obowokabowoka, peace lily, caladium ya masamba ofiira pakati, ndi arum lily ya maluwa oyera imene imakonda malo onyowa ngati kuno. Ubwino wake ululu umayamba nthawi yomweyo, choncho galu amasiya asanameze zambiri, ndipo ambiri amachira pakapita maola angapo kapena tsiku. Choopsa chimabwera ngati kukhosi kwatupa mpaka kupuma kukuvuta. Kagalu ka aneba kanatsukidwa mkamwa ndi madzi, wotsukayo atavala majumbo m'manja, dokotala wa ziweto anakaona madzulo ake, ndipo m'mawa mwake kanadya phala. Chikanakapha tsiku limenelo si duwa ayi, ndi mpini uja.

Pamenepa ndisamveke molakwa. Galu wochucha dovu musamulowetse dzanja lopanda kanthu mkamwa, makamaka ngati sanabayitsidwe katemera kapena analumanapo ndi agalu oyendayenda. Mutsekereni, ana atalikire, muitane a zaziweto. Akakulumani, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 n'kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo. Chimene ndikupempha n'chakuti galuyo ali motsekeredwamo, wina azungulire pabwalo ayang'ane miphika ndi mpanda. Chiwewe nthawi zambiri chimayamba ndi kusintha khalidwe kwa masiku angapo. Galu amene anali wosangalala ola lapitalo, pano akudzikanda pakamwa pafupi ndi tsinde lotafunidwa, akukuuzani nkhani ina.

Zomera zimene zimandidetsa nkhawa kwambiri si zowawa mkamwazi. Ndi zija zimene galu amatha kumeza osamva ululu nthawi yomweyo.

Choyamba ndi oleander, chitsamba cha masamba aatali osongoka, olimba, chokhala ndi maluwa apinki, oyera kapena ofiira. Anthu amachikonda chifukwa sichifuna chisamaliro ndipo mbuzi sizichidya. Mchimwene wake ndi yellow oleander, uja wa maluwa achikasu ooneka ngati kabelu, wa timasamba towonda tonyezimira ndi zipatso zobiriwira zokhala ndi njere yolimba mkati, amene amabzalidwa kwambiri m'mipanda ya masukulu ndi matchalitchi. Wachitatu ndi desert rose, wa tsinde lotupa kumunsi ndi maluwa apinki, amene masiku ano akugulitsidwa modula m'miphika yokongola. Onse atatuwa ali ndi poizoni wogwira mtima. Amasokoneza kayendedwe ka mchere m'minofu ya mtima, moti umayamba kugunda pang'onopang'ono, kapena mothamanga, kapena modumphadumpha, mpaka kuima. Galu amayamba ndi kusanza ndi kutsegula m'mimba, kenako kufooka, kuzandima, n'kugwa. Wongomuona atagona m'mawa angalumbire kuti ndi tameki.

Poizoni wa mtundu umenewu si wachilendo kwa ife. Makolo athu a kuchigwa cha Shire ankapaka mivi yawo kombe, njere za chomera choyanga cha banja lomweli, ndipo nyama yolasidwa inkagwa mtima utaima. John Kirk, dokotala amene anayenda ndi David Livingstone pa ulendo wa ku Zambezi kuyambira mu 1858, anasunga kombe m'thumba limodzi ndi mswachi wake. Atatsuka m'mano anamva kuwawa mkamwa, ndipo anazindikira kuti mtima wake ukugunda mochedwa. Patapita zaka, Thomas Fraser wa ku Edinburgh anafufuza njerezo n'kupezamo strophanthin, amene kuyambira m'zaka za m'ma 1880 madokotala a ku Ulaya ankamugwiritsa ntchito ngati mankhwala a mtima, pa mlingo wochepetsetsa. Dzina la sayansi la chomeracho mpaka lero ndi Strophanthus kombe. Ndimaikonda mbiri imeneyi chifukwa imaonetsa kuti alenje akwathu ankadziwa bwino lomwe mphamvu ya zomerazi, ndipo ankazigwira mosamala. Ife abale ake a kombe tawaika pakhomo polowera, pomwe galu amagona.

Oleander samatha mphamvu akauma. Masamba ogwa pansi, nthambi zodulidwa, madzi a m'botolo momwe munaika maluwa ake, ngakhale utsi wake mukawotcha, zonse zili ndi poizoni. Tsiku loopsa kwambiri pakhomo ndi tsiku lodulira mpanda. Chitsamba chili chiimire galu sachilabadira kwenikweni chifukwa masamba ake ndi owawa, koma nthambi zikaunjikidwa pabwalo kudikira kupita kudzala, kagalu kamaona zoseweretsa. Kamakoka kanthambi, kukathamangitsa, kukagonera n'kumakatafuna.

Chotsatira ndi chomwe ndingachitchule kuti choopsa kuposa zonse kwa galu: sago palm. Chimaoneka ngati kamtengo ka kanjedza kakafupi, ka tsinde lakuda lokakala ndi masamba olimba otambalala mozungulira, ndipo ndi chimodzi mwa zomera zodula zimene anthu omanga nyumba zatsopano amaika pakati pa kapinga. Si kanjedza weniweni, ndi cycad, ndipo kwawo ndi kum'mwera kwa Japan. Ifenso tili ndi cycad wathu wachilengedwe wa kuphiri la Mulanje, ndipo m'banja lonseli mulibe woti galu angatafune bwinobwino. Poizoni wake, cycasin, amawononga chiwindi. Ali m'chomera chonse koma wachuluka m'njere zake zofiirira, zazikulu ngati kadzira kakang'ono, zomwe agalu amazikonda, ndipo njere imodzi kapena ziwiri zikhoza kupha galu. Kuipa kwake n'kwakuti amanyenga. Tsiku loyamba galu amasanza, mwina n'kuoneka ngati wapezako bwino, mwini wake n'kumati zadutsa. Pakatha masiku awiri kapena atatu maso ndi nkhama zimasanduka zachikasu, chimbudzi chimada ngati phula chifukwa cha magazi, mimba imatupa. Pofika apo ngakhale dokotala waluso amakhala ndi zochepa zoti achite, ndipo agalu ambiri ofika pamenepa sapulumuka. Kuno kwathu, komwe zipangizo zoyezera magazi a galu ndi zomugonekera pa diripi masiku angapo sizipezeka paliponse, nkhondo imeneyi ndi yofunika kuipewa isanayambe.

Palinso gulu la zipatso zogwa pansi. Brunfelsia, imene ambiri amaidziwa kuti yesterday, today and tomorrow chifukwa duwa lake limayamba lapepo, mawa lake n'kumbuwa, kenako n'kuyera, imakula bwino m'malo ozizira ngati kuno ndipo imanunkhira madzulo. Tizipatso take agalu ena amachita kutifunafuna, ndipo timagwira ubongo ndi mitsempha: galu amanjenjemera, miyendo imauma gwa, amaphupha ngati wakhunyu, nthawi zina kwa masiku. Duranta, mpanda wa masamba achikasu uja wadzaza m'tauni monse, ukamadulidwa pafupipafupi subala, koma ukalekereredwa umatulutsa tizipatso ta mtundu wa lalanje tolendewera m'magulu, ndipo kumayiko ena tinaphapo agalu ndi amphaka. Mtengo wa indiya umagwetsa zipatso zachikasu zambirimbiri pabwalo, nazonso n'zoopsa zikadyedwa zochuluka. Lantana, amene wafalikira m'matchire ndi m'mphepete mwa misewu, alimi a ng'ombe amamudziwa kuti amawononga chiwindi, ndipo zipatso zake zosapsa ndiye zoipa kwambiri. Nsatsi zomera zokha kudzala tisaziiwale: njere ikatafunidwa imatulutsa poizoni woopsa wotchedwa ricin.

Za m'nthaka nazo zilipo, kwa agalu okonda kukumba. Amaryllis ndi clivia zili ndi mizu imene imasanzitsa kwambiri. Flame lily, duwa lofiira ndi lachikasu lomera lokha m'tchire nthawi ya dzinja, lomwe ndi duwa la fuko la Zimbabwe, lili ndi poizoni wotchedwa colchicine m'mizu yake, ndipo ameneyu amapha galu ndi munthu yemwe. Hydrangea ndi azalea zimakondwa ndi kuzizira kwa kuno. Yoyambayo kawirikawiri imangovutitsa m'mimba, koma azalea amafika mpaka pa mtima.

Chimodzi chomwe si duwa koma n'chodziwika kuno kumpoto ndi makademiya, amene akulimidwa kwambiri kuyambira ku Nkhata Bay mpaka madera ozungulira Mzuzu, ndipo ena abzala mtengo umodzi kapena iwiri pakhomo. Munthu amadya bwinobwino. Galu akadya, pasanathe maola 12 miyendo yakumbuyo imafooka, amalephera kuimirira, thupi limatentha. Ambiri amachira pakatha masiku awiri, koma mwini wosadziwa angaganize kuti galu wake wagundidwa ndi galimoto kapena wamenyedwa msana. Alovera, amene ena amathira m'madzi a nkhuku ndi agalu poti ndi mankhwala, madzi ake achikasu a pansi pa khungu amatsegula m'mimba kwambiri, ndipo kagalu kakang'ono sikachedwa kutha madzi m'thupi.

Tsopano zikachitika, tichite chiyani? Chotsani zotsalira mkamwa ngati n'kotheka kutero mosadziika pangozi, tsukani mkamwa ndi madzi oyera mutu wa galu utaloza pansi kuti asatsamwe. Utomoni wa nkhadze kapena wa crown of thorns, kachitsamba kaminga ka timaluwa tofiira, ukalowa m'maso, thirani madzi oyera mosalekeza kwa mphindi 15. Kenako thyolani nthambi ya chomeracho, ya masamba, duwa ndi chipatso ngati zilipo, muike m'jumbo, mujambulenso pafoni. Ngati wasanza, tengani masanziwo m'jumbo lina, chifukwa tizidutswa ta masamba kapena njere timauza dokotala zambiri kuposa mawu anu. Kumbukirani nthawi imene zachitika. Ndiye nyamukani, musadikire kuti muone ngati zikula. Dokotala akhoza kusanzitsa galu ndi mankhwala oyenera, koma zimenezi zimathandiza kwambiri m'maola awiri oyambirira, poizoni asanalowe m'magazi. Nambala ya dokotala wa ziweto, kaya wa boma ku ofesi ya zaulimi kaya woyima payekha, ikhale m'foni mwanu lero, komanso m'foni ya amene amatsala pakhomo inu mukapita kuntchito. Nthawi zambiri woyamba kuona galu akudwala si mwini wake, ndi mwana, wantchito kapena mlonda.

Zimene timathamangira kuchita ndi zomwe zimawonjezera mavuto. Kumwetsa galu madzi a mchere wambiri kuti asanze n'koopsa, chifukwa mcherewo pawokha ukhoza kutupitsa ubongo n'kumupha. Mafuta ophikira, mazira aawisi ndi mkaka sizichotsa poizoni. Mkaka pang'ono ungaziziritse mkamwa mwa galu amene waluma dieffenbachia, koma kwa oleander kapena sago palm ulibe ntchito, umangotayitsa nthawi. Kukakamiza chamadzimadzi chilichonse kukhosi kwa galu amene akuphupha kapena wafooka kumachilowetsa m'mapapo. Makala a pambaula osinja si ofanana ndi makala a mankhwala amene madokotala amapereka; aja amakonzedwa mwapadera kuti azigwira poizoni m'matumbo. Ndipo panado kapena brufen wathu musamupatse galu: brufen amabowola chifu ndi kuwononga impso, pomwe panado amakantha chiwindi chomwe mwina chavulala kale.

Sindikunena kuti tizule maluwa onse. Ine ndimawakonda, ndipo Mzuzu wopanda maluwa sangakhale Mzuzu. Money plant ndi anzake akhoza kukwera pamwamba, pashelefu kapena m'miphika yolendewera, pomwe galu safika, bola masamba ogwa azitoledwa. Duranta azidulidwa asanabale. Pali zambiri zokongola zomwe sizidziwika ndi poizoni kwa agalu: marozi, hibiscus, mpendadzuwa, zinnia, spider plant, areca palm. Kagalu kapatsidwe chotafuna chake, kachotsedwe pa tcheni kayendeko, ndipo pabwalo pasiyidwe kachigawo ka udzu wamba. Koma pa sago palm, oleander wa mitundu yonse iwiri ndi brunfelsia, maganizo anga ndi olimba: pakhomo pomwe pali galu, makamaka wamng'ono, zimenezi zisakhalepo. Pakhomo pomwe pali mwana wokwawa ndiye n'kosachita kufunsa, chifukwa pafupifupi zonse ndatchulazi zimavulazanso munthu.

Kwa anyamata ndi amayi ogulitsa mbande, pempho langa ndi laling'ono. Ntchito yanu ndi yolemekezeka ndipo mwakongoletsa mzinda uno. Phunzirani mayina a zomera zisanu kapena zisanu ndi chimodzi zoopsazi, ndipo wogula akaloza chimodzi mwa izo, mufunseni ngati kunyumba kuli galu kapena mwana. Simutaya kasitomala, mumugulitsa china. Ifenso ogula tizifunsa dzina tisanalipire. Wogulitsa akapanda kulidziwa, foni yomwe tili nayo m'manja ikhoza kujambula tsamba n'kutithandiza kulipeza pa intaneti, ndipo ku Botanic Garden ya kuno ku Mzuzu kuli anthu amene zomera ndi ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku.

Amene mwaganiza zochotsa oleander kapena sago palm, tsekerani galu kaye. Valani magolovesi kapena majumbo m'manja, ndipo musadzikhudze m'maso. Zulani ndi mizu yomwe, tolani tsamba lililonse ndi njere iliyonse mpaka pansi payere. Musawotche, musaponye kuseri kwa mpanda komwe agalu a eni ndi mbuzi zimadutsa, ndipo muwauze a pakhomo kuti nthambi zake si nkhuni kapena zobayira nyama yootcha. Kumbani dzenje lakuya, mukwirire, mupondereze mwala pamwamba, galuyo mumutsegulire mukatha kusesa.